Cisumbu ndi Tsidya Lake: Mbiri ya Likoma ndi Gombe la Apwitikizi

Munthu woimirira pa gombe la kum'mawa la cisumbu ca Likoma, kunja kukaca bwino, amaona mapiri a dziko la Mozambique ali pafupi zedi, kotero kuti akhoza kuzindikira utsi wa m'midzi ya ku Kobwe. Pakati pa iye ndi midziyo pali madzi a mailosi osapitirira 5, ndipo mwamuna wamphamvu amaoloka ndi bwato nabwerako tsiku lomwelo. Anthu a mbali ziwirizi ndi mtundu umodzi. Amalankhula Cinyanja cimodzi, amakwatirana, amalirirana maliro, ndipo ambiri a iwo anabatizidwa mu mpingo umodzi. Koma kwa zaka zoposa 80, kuyambira 1891 kufikira 1975, madzi ocepawa analekanitsa miyoyo iwiri yosiyana kutali, ndipo kusiyanako kunatsata Boma limene linagwira mbali iyi ndi limene linagwira mbali inayo.

Likoma ndi kadziko kakang'ono ndithu. Utali wake ndi mailosi ngati 5, ndipo munthu woyenda pansi amakamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Kukawerengera pamodzi ndi mnzake Chizumulu, nthaka yonse ingolingana ndi ya Nauru, dziko la m'nyanja ya Pacific limene linalandira ufulu mu 1968 ndipo liri ndi mpando wakewake mu United Nations. Pa kalembera wa 1998 anthu a zisumbu ziwirizi anali ngati 8,000, ndipo pa wa 2018 anapitirira 14,000, ndiye kuti anaposa anthu a ku Nauru. Komatu Likoma sicinakhalepo dziko loima pa lokha. Cinali pansi pa Nyasaland, pambuyo pake pansi pa Malawi. Cokhaco n'cakuti gombe la dziko lake liri kutali mailosi ngati 40, mtunda woposa wa kucokera ku Chongwe kufika ku Lusaka, ndipo onsewo ndi madzi a mafunde oopsa. Cifukwa ca ici anthu ake anakhala zaka zambiri monga mtundu wa pa okha, wa makhalidwe ake, maphunziro ake, ndi kunyada kwake komwe.

Pamene amishoni anali asanafike, cisumbuci cinali pothawira. M'zaka za pakati pa 1860 ndi 1890 Anyanja a gombe la kum'mawa anapanikizidwa ndi adani awiri: Angoni a Magwangwara ocokera kumpoto, amene anali kutsika kudzafunkha midzi, ndi mafumu a Ayao ogulitsa akapolo, monga Makanjira ndi Mataka. Anthu anasiya minda yao ya kumtunda nadziunjika m'malinga m'mbali mwa nyanja; ena anamanga nyumba pa mitengo yozika m'madzi, ndipo ena anaolokera ku Likoma, pakuti Mngoni sanali kudziwa za bwato. Cotero kuyambira paciyambi anthu anadza pa cisumbuci cifukwa ca mantha, osati cifukwa ca nthaka. Nthakayo ndi ya miyala ndi mcenga, yoyanjana ndi malambe ndi mango, ndiponso cinangwa cimene amapangira nsima ya kondowole, koma cimanga sicicita bwino.

Amishoni a Universities' Mission to Central Africa, amene anayambika cifukwa ca mau a David Livingstone ku Cambridge mu 1857, anayamba alephera ku Magomero, kumene Bishopu Mackenzie anakafika mu 1861 namwalira caka cotsatira. Anasamukira ku Zanzibar, ndipo panapita zaka 20 asanaonekenso ku nyanja. Amene anawabwezera kumeneko ndi Bambo William Percival Johnson, munthu wouma mtima pa nchito, amene anafika pa gombe la kum'mawa mu 1882 pamodzi ndi Charles Janson. Janson anamwalira atangofika, ndipo dzina lake linapatsidwa kwa sitima ya pamadzi imene inayamba kuyenda mu 1885. M'caka comweco, atalandira cilolezo kwa Mfumu Chiteji ya ku tsidya, amishoni anakhazika likulu lao pa Likoma. Maganizo a Bambo Johnson anali akuti cisumbu cikhale ngati khola, ndipo sitima izizungulira midzi ya m'gombe kutula aphunzitsi ndi kuwayendera. Iwo eni anatsala pang'ono kucita khungu mu 1884, koma anagwirabe nchitoyo kufikira imfa yao ku Liuli mu 1928, ndipo Baibulo la m'Cinyanja ca kunyanja, limene linatha mu 1912, kwakukulu ndi thukuta lao. Mnzao Chauncy Maples anadzozedwa kukhala Bishopu wa Likoma mu 1895, koma anamira m'nyanja pa 2 September caka comweco asanafike pa mpando wake.

Tsono pa 11 June 1891, Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana dziko. Gombe la kum'mawa, kuyambira pa malire a Ajeremani kutsika kumwera, linagwera Apwitikizi. Koma Likoma ndi Chizumulu zinatsalira Angerezi cifukwa amishoni ao anali atakhalapo kale. Panalibe Mnyanja ndi mmodzi yemwe amene anafunsidwa. Mfumu imene inapereka malo kwa alendo inapezeka iri m'dziko lina, ndipo malo amene inaperekawo ali m'dziko linanso. Pambuyo pake, mu 1954, maboma awiriwa anagwirizananso kuti malire adzere pakati pa nyanja, ndipo kuyambira pamenepo zisumbuzi zinazingidwa ndi madzi a Apwitikizi mbali zonse.

Pa cisumbu mishoni ndiyo inali ngati Boma. Cizindikiro ca mphamvu yake ndi chalichi cacikulu ca Petro Woyera, cimene mwala wake wa maziko unaikidwa mu January 1903, ndipo cinapatulidwa mu November 1911. Anacimanga pa Chipyela, malo amene kale anali kutenthera anthu oganiziridwa ufiti. Utali wake ndi mapazi oposa 300, ndipo mlendo aliyense amadabwa kuona nyumba yotere pa kadziko kosakwanira kudzidyetsa kokha. Mmisiri wake anali Frank George, koma manja amene anaswa miyala ndi mitu imene inasenza inali ya Anyanja, amuna ndi akazi, ndipo zambiri zomangira zinaoloka ndi ngalawa kucokera ku tsidya. M'katimo muli mtanda wosemedwa ndi mtengo wa kwa Chitambo, m'dziko lino la Zambia, kumene kunakwiriridwa mtima wa Livingstone. Pafupi ndi chalichico panali cipatala, nyumba yosindikizira mabuku, malo ophunzirira ukalipentala ndi zomangamanga, ndi masukulu a anyamata ndi a atsikana omwe. Pa masiku amene m'midzi yambiri ya Nyasaland ndi Northern Rhodesia munthu wodziwa kuwerenga kalata anali wosowa ngati mvula ya mu June, pa Likoma ngakhale amai okalamba anali kuwerenga buku la mapemphero.

Zipatso za maphunzirowa zinafika kutali. Bambo Leonard Kamungu, wobadwira ku Chia pa gombe la Apwitikizi, anaphunzira mu mishoni imeneyi ndi ku Zanzibar, nadzozedwa unsembe mu 1909. Pamene Bishopu Hine, amene kale anali wa Likoma, anayamba dayosizi ya Northern Rhodesia mu 1910, Bambo Kamungu anadzipereka kukagwira nchito ku Msoro pakati pa Akunda, ndipo anamwalira komweko mu February 1913. Pambuyo pao panatsata gulu lalikulu la aphunzitsi, makalaliki, amisiri, othandiza m'zipatala ndi oyendetsa sitima, amene anabalalikira ku Zomba, ku Blantyre, ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya Copperbelt ndi ya Johannesburg, ndiponso ku Dar es Salaam. Kunena zoona, mbeu yeniyeni ya Likoma inali anthu ophunzira, ndipo cisumbu cinali kukolola mwa makalata ndi ndalama zimene ana ake anali kutumiza. Ena anabwera ndi masuti ndi makina osokera. Ena anakhala machona, ndipo akazi ao anakalamba akuyang'ana sitima.

Wowerenga asaganize kuti moyo wa pa cisumbu unali wa mtendere wokhawokha. Pa kadziko kotere palibe cinsinsi. Munthu akacimwa, wansembe anali kumletsa mgonero, ndipo pofika madzulo cisumbu conse cinadziwa. Analibe mudzi wina wothawirako manyazi ake. Amishoni anali kuyang'anira ukwati, magule ndi miyambo ya cinamwali ndi diso lakuthwa, ndipo munthu wodana nao anali kudana ndi mwini sukulu, mwini cipatala ndi mwini sitima pa nthawi imodzi. Ngakhale ansembe akuda anali ambiri ndi okhoza, panapita zaka 80 kucokera 1885 kufikira 1965 pamene mwana wa pa Likoma, Bambo Josiah Mtekateka, anadzozedwa kukhala bishopu woyamba wacikuda wa mpingowu m'Malawi. Kucedwa kotere sikungakanidwe kuti kunali kupeputsa. Njala nayo inali mlendo wa caka ndi caka. Usipa ndi utaka zinalipo, koma cimanga, nkhuni, mitengo ya denga ndi udzu wofolera zonse zinali kucokera ku tsidya, ndipo mabanja ambiri anali ndi minda yao kumeneko. Nyanja ikakwiya ndi mphepo ya mwera, anthu anali kukhala masiku ambiri osaona mlendo kapena kalata. Ndipo ulendo wa pamadzi sunali masewera: pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja ndi anthu 145.

Koma munthu wa pa Likoma anali ndi cinthu cimodzi cimene mbale wake wa ku tsidya analibe. Khomo lake linali lotseguka. Cimene cinamtsekera ndi madzi, ndipo madzi safunsa citupa, sakwapula, sasunga maina m'buku. Akapeza ndalama ya ulendo anali kukwera Chauncy Maples, imene inayamba nchito mu 1901, kapena Ilala kuyambira 1951, napita kumene mtima wake unafuna. Akakhuta nako anali kubwerera, nanena poyera zimene anaziona.

Tsidya linalo nkhani inali ina. Dziko la Portugal linali losauka, losakhoza kulamulira lokha malo onse amene linalandira, cotero linabwereketsa cigawo conse ca kumpoto, kucokera ku nyanja ya mcere kufikira ku nyanja ya Nyasa, kwa kampani yochedwa Companhia do Niassa. Kampaniyi, imene ndalama zake zambiri zinali za eni cuma a maiko ena, inapatsidwa mphamvu ya kukhometsa msonkho, kusunga asilikali ndi kuweruza milandu. Sinamange njanji imene inalonjeza, ndipo za masukulu ndi zipatala sinasamale. Phindu lake linali msonkho wa nyumba ndi kugulitsa anthu anchito, makamaka kwa Wenela wa migodi ya ku South Africa, kufikira 1913 pamene kulemba anthu a maiko otentha kunaletsedwa cifukwa anali kufa ambiri. Akapitao ake anali kulandira malipiro ocepa, nadzilipira okha mwa kufinya anthu. Mwamuna akalephera msonkho, asupayi anali kugwira mkazi wake namsunga kufikira ndalama itaoneka. Cilango codziwika cinali mbalamatodya, thabwa la zibowo lomenyera m'manja, limene linali kutupitsa zikhato kotero kuti munthu sanathe kugwira khasu kwa masiku ambiri. Midzi yathunthu inasamuka usiku kunka ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Sukulu ya aphunzitsi ya Mikaeli Woyera, imene amishoni anayamba aimanga ku Kobwe, nayonso pambuyo pake inaolokera pa Likoma.

Pano mpofunika kunena cilungamo. Ku Nyasaland nako kunali msonkho wa nyumba, kunali thangata, ndipo Alomwe amene anathawa Apwitikizi anakagwa m'manja mwa eni minda a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Nkhondo ya John Chilembwe ya 1915 inabadwa m'masautso omwewo. Palibe ufumu wa atsamunda umene unali wa cifundo. Koma anthu amayesa maboma ndi mapazi ao, ndipo mapazi a m'zaka zimenezo anali kuloza mbali imodzi.

Nthawi ya kampani inatha mu October 1929, ndipo Boma la Portugal linatenga dzikolo m'manja mwake. Pamenepo ku Lisbon kunali kutadzuka munthu wochedwa António de Oliveira Salazar, mphunzitsi wa za cuma, amene anakhala nduna ya ndalama mu 1928, nakhala nduna yaikulu kuyambira 1932 kufikira 1968. Iye sanali munthu waphokoso monga olamulira ena ankhanza a ku Ulaya a masiku amenewo. Anali wofatsa, wosakwatira, wosakonda maulendo, ndipo sanapondepo m'Africa ngakhale tsiku limodzi. Koma anatseka dziko lake monga munthu atseka nkhokwe. Zipani zinaletsedwa, manyuzipepala anayamba kuwerengedwa ndi akuluakulu a Boma asanasindikizidwe, ndipo apolisi acinsinsi, amene kuyambira 1945 anachedwa PIDE, anali ndi makutu m'nyumba zodyera, m'masukulu ndi m'machalichi. Ngati Mpwitikizi wa ku Lisbon anali kulankhula monong'ona, nanga Mnyanja wa ku Metangula akanatani?

Nkhanza za kampani zinali zosalongosoka. Za Salazar zinali zolembedwa bwino m'mabuku. Lamulo linagawa anthu pawiri. Ocuruka anachedwa indígena, ndiye kuti eni dziko opanda ufulu wa mbadwa, ndipo mwamuna aliyense wa iwo anayenera kuyenda ndi kabuku ka citupa kosonyeza msonkho wake, nchito yake ndi cilolezo ca kucoka m'dera lake. Amene sanathe kusonyeza kuti wagwira nchito yokwanira pa caka anali kutengedwa kunka ku cibalo, kukakonza miseu kapena kukalima m'minda ya Azungu. Kuyambira 1938 anthu a madera ambiri anakakamizidwa kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo woikidwa ndi Boma, kuti mafakitale a nsaru a ku Portugal apeze thonje lochipa; ndipo pamene mai anali kupalira thonje la Boma, munda wake wa cakudya unali kumera chire. Munthu wakuda wofuna kuturuka m'gulu limeneli anayenera kutsimikiza kuti amalankhula ndi kulemba Cipwitikizi, ndi kuti wasiya miyambo ya makolo ake, ndipo pamenepo anachedwa assimilado. Mu 1950 anthu otere sanakwane 5,000 mwa anthu oposa mamiliyoni 5. Mapangano a 1940 ndi 1941 anapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika, ndipo mishoni zina zinangololedwa monyinyirika. Pofika 1975, anthu 9 mwa 10 aliwonse a m'Mozambique sanali kudziwa kuwerenga.

Cotero panali cinthu codabwitsa. Wa ku tsidya anali ndi nthaka yaikulu, mitsinje, nkhalango ndi nyama, koma sanathe kupita kwa mfumu yoyandikana nayo popanda cidindo. Wa pa cisumbu analibe ngakhale nkhuni zophikira, koma mwana wake anali kalaliki ku Lusaka, ndipo anali kuwerenga m'nyuzipepala za Ghana ndi za Congress. Awiriwa anali kukomana pa gombe kusinthana nsomba ndi cimanga, ndipo pamodzi ndi nsombazo panaolokanso nkhani. Mishoni ya ku Msumba, kumene Bambo Augustine Ambali anagwira nchito zaka zambiri, inasungabe sukulu ndi cipatala cake pakati pa zobvuta zonsezi, ndipo Apwitikizi anali kuiyang'ana ngati zenera limene analephera kulitseka. Sanalakwe kwenikweni, pakuti anyamata ambiri ophunzira kumeneko ndiwo anatsogolera anzao pamene nthawi inakwana.

Nthawiyo inakwana msanga. Pa 16 June 1960 asilikali anaombera khamu la anthu ku Mueda. Mu 1961 Salazar, poona nkhondo ya ku Angola ndi manyazi a pamaso pa maiko, anafafaniza lamulo la indígena, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Cipani ca Frelimo cinabadwa ku Dar es Salaam pa 25 June 1962 motsogozedwa ndi Dr. Eduardo Mondlane, ndipo mu September 1964 nkhondo inayamba. Malo amodzi mwa oyamba kuthiridwa nkhondo anali boma la ku Kobwe, moyang'anana ndi Likoma. Apwitikizi anabwezera mwa kutentha midzi ndi kugwira aphunzitsi ndi akulu a mpingo. Ambiri anatengedwa kunka ku ndende zakutali, monga ya Machava, ndipo ena sanabwerere. Otsala anasonkhanitsidwa m'midzi yozingidwa ndi waya, ndipo ngalawa za nkhondo zinakhazikidwa ku Metangula. Bambo John Paul, wansembe wa ku Msumba m'zaka zimenezo, analemba buku losimba zimene anaona. Mu 1965 anthu zikwi anaoloka ndi mabwato kuthawira pa Likoma, monga momwe makolo ao anathawira Magwangwara, ndipo cisumbu cosakhoza kudyetsa eni ake cinagawana nao kondowole ndi malo ogona. Anthu a ku Chongwe amene akumbukira m'mene asilikali a Rhodesia anaphulitsira mlatho wa pa mseu wa Great East mu November 1979 adziwa kuti nkhondo ya mnansi simakhala ya mnansi yekha.

Koma apa mbiri inakhota mosayembekezeka. Akulu anati walira mvula walira matope. Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo pasanathe miyezi itatu Dr. Hastings Kamuzu Banda anakangana ndi nduna zake. Mmodzi wa otsutsana nao kwambiri anali Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa mpingo womwewu wa Anglican, Bambo Habil Chipembere, amene mizu yao inali ya kunyanja komweko. Chipembere anayesa nkhondo ku Fort Johnston mu February 1965, nalephera pa dooko la Liwonde, ndipo anafera ku America mu 1975. Kuyambira pamenepo anthu ophunzira a kunyanja anayamba kuyang'anidwa ndi diso lokayika. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la cipani cimodzi. Mu 1967 a Mboni za Yehova analetsedwa. Mu 1968 kunakhazikidwa bungwe lopima mabuku ndi nyimbo, ndipo m'caka comweco Cicewa ca m'cigawo capakati cinalamulidwa kukhala cinenero ca dziko, kotero kuti Cinyanja ca pa Likoma, cimene cinali ndi Baibulo lakelake, cinasanduka cinenero ca pakhomo cabe. Mu 1971 Dr. Banda anakhala Prezidenti wa moyo wonse, ndipo mu 1973 lamulo linafika pa kuyesa utali wa diresi la mkazi. Khadi la cipani linasanduka citupa catsopano, lofunsidwa pa msika ndi pokwera basi. Anthu anatsekeredwa ku Dzeleka ndi ku Mikuyu popanda mlandu, ndipo dzanja la Boma linali lalitali: Orton Chirwa anagwidwa mu December 1981 ku malire a Zambia nafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mtolankhani Mkwapatira Mhango anaphedwa ndi moto pamodzi ndi a m'banja lake mu Lusaka mu 1989.

Dr. Banda anapalananso ubwenzi ndi Apwitikizi. Jorge Jardim, munthu wa Salazar wa ku Beira, anali kulowa ndi kuturuka m'nyumba ya Boma, ndipo Apwitikizi anathandiza kuyendetsa ngalawa zolondera za Malawi pa nyanja. Tsono munthu wa pa Likoma anapezeka ali pakati pa zitseko ziwiri zotseka, ndipo ucepa wa cisumbu, umene kale unali kungobvutitsa wocimwa, unasanduka msampha. Pa malo amene aliyense adziwa mbale wa mnzake, ndiponso amene analandira kalata yocokera ku Dar es Salaam kapena ku Lusaka, kazitape safunika kukhala wocenjera. Khomo limene madzi sanalitseke linatsekedwa ndi mantha, pakuti ana a cisumbu amene anali kunja, akaganiziridwa kuti amayenda ndi othawa, sanayese kubwera ngakhale ku maliro a amai ao. Pa nthawi yomweyo ulemerero wakale unali kutha, cifukwa likulu la dayosizi linali litasamukira ku mtunda, ndipo masukulu abwino anali atacuruka m'madera ena.

Ku tsidya ufulu unadza pambuyo pa kugwa kwa Boma la ku Lisbon pa 25 April 1974, ndipo pa 25 June 1975 Samora Machel anakhala Prezidenti. Anthu anabvina, ndipo anali ndi cifukwa: cibalo ndi mbalamatodya zinatha, ndipo Boma latsopano linayesetsa kuphunzitsa akulu kuwerenga ndi kupereka katemera. Koma nalonso linali la cipani cimodzi. Masukulu ndi zipatala za mishoni zinalandidwa mu July 1975, anthu anasonkhanitsidwanso m'midzi ya Boma, ndipo woyenda ulendo anayenera kukhala ndi kalata ya cilolezo monga kale. Cigawo ca Niassa, cifukwa ca kutalika kwake ndi kucepa kwa anthu, cinasankhidwa kukhala malo a misasa yoongolera anthu maganizo. Ku M'telela kunasungidwa Uria Simango, amene kale anali waciwiri kwa Mondlane, pamodzi ndi Joana Simeão ndi Lázaro Nkavandame, ndipo onsewa anaphedwa mobisa. Mu 1983 anthu zikwi ambiri oyesedwa malova anagwidwa m'mizinda natulidwa m'chire la Niassa, kumene ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Pamwamba pa izi panadza nkhondo ya Renamo, imene inathamangitsira ku Malawi anthu ngati miliyoni imodzi, ndipo mabwato a othawa anakocezanso pa Likoma kacitatu.

Zitseko ziwirizi zinatseguka pafupifupi nthawi imodzi. Kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'machalichi a Malawi pa 8 March 1992, ndipo pangano la mtendere wa Mozambique linasainidwa ku Rome pa 4 October caka comweco. Amalawi anasankha zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 June 1993, nacotsa Dr. Banda pa cisankho ca pa 17 May 1994. A ku Mozambique anaponya mavoti ao mu October 1994. Othawa anabwerera kukafukula midzi yao pansi pa chire, ndipo ku Kobwe anapeza chalichi cacikulu ca Akatolika ciri cigwegwe, copanda denga. Likoma inapatsidwa boma lakelake, losiyana ndi la Nkhata Bay, ndipo chalichi ca Petro Woyera cinakhala mpando wa dayosizi ya kumpoto kwa Malawi. Akristu a ku Msumba, amene anacotsedwa pansi pa Likoma kumapeto a zaka za m'ma 1950, mu 2021 analowa m'cigawo catsopano ca mpingo wa Anglican ca Mozambique ndi Angola.

Mabwato akali kuoloka ndi nkhuni, nsungwi ndi cimanga, nabwerera ndi sopo, shuga ndi mcere, ndipo odwala a ku gombe la Kobwe amadza ku cipatala ca pa cisumbu. Mlendo wofuna kuoloka mwa lamulo amadinditsa pasipoti yake pa Likoma kwa kalaliki wolemba Cingerezi, nakadinditsanso ku Kobwe kwa kalaliki wolemba Cipwitikizi, ndipo mwini ngalawa amene amamnyamula pakati pa maofesi awiriwo amakambirana naye mtengo m'Cinyanja.